Ndinapatsa Adani Chibwibwi cha Mlamu Wanga

Zikomo a tcheya pondipatsa mpata. Maikolofoniyi muichotse, ndilankhula ndi pakamwa pokha. Ine ndi maikolofoni tinapalamula zokwanira.

Ambiri a inu mukundidziwa ngakhale nkhope yanga mukuiona lero. Ngati munakhalapo pa benchi mu vidiyo sho iliyonse pakati pa msika ndi doko kuno ku Nkhata Bay, mawu angawa anakusekesanipo. Ndine uja munkamutcha Ada Mkokomo. Dzina limene anandipatsa makolo ndi Gomezga. Ndabwera kwa inu achinyamata amene mukuphunzira kumasulira mafilimu, ndiponso ndaona alaliki a mumsika angapo kumbuyoko. Musachoke, nkhaniyi ndi yanunso, chifukwa tonsefe timadyera pakamwa.

Ntchito yathu mukuidziwa. Filimu imabwera m'chinenero cha eni ake, iwe umatsitsa mawu awo n'kuikapo ako m'Chichewa, n'kuthirako Chitonga pang'ono kuti a kudoko aseke. Oonera akangokhala pansi amafuna kudziwa chinthu chimodzi: ekita ndani, mdani ndani. Ukawauza, basi, mitima yawo waitenga. Tsono ine ndinali ndi chizolowezi chimene ndinkadzitama nacho kwambiri. Sindinkaonera filimu ndisanaimasulire. Ndinkangoyatsa laputopu, botolo pambali, zinthu zikuchitika ine ndikubwebweta. Ndinkati kuonera kaye n'kwa ana a sukulu. Chizungu changa chinathera ku folomu thu, ndipo timalemba ta pansi pa sikirini tinkathamanga kuposa maso anga, koma zimenezo sindinkauza munthu.

Mnzanga wina wa ku Mzuzu anayamba kunditumizira filimu yaitali, ya zigawozigawo, zigawo zingapo mwezi uno, zina mwezi wamawa. Inali ya kuthambo. Munali ufumu waukulu wolamulira nyenyezi zosawerengeka, ndipo lamulo lake linali lakuti munthu aliyense, kaya anabadwira ku dziko liti, azipemphera atayang'ana dzuwa la ku likulu. Asilikali a ufumuwo ankavala zophimba nkhope zagolide. Asanapite kunkhondo ankagwada m'mizere yowongoka, belu likulira, n'kuimba nyimbo zozama ngati za kwaya ya abambo. Asilikaliwo ankasaka anthu ovala zoyera, oyenda opanda nsapato, amene ankakana kusiya mapemphero a makolo awo.

Nditangoona belu ndi mizere ija, ndinati ekita ndi awa. Sindinadikire n'komwe.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kukuuzani za kwathu. Bambo athu anagwira ntchito ku Joni, atabwerako anakhala mkulu wa mpingo mpaka tsiku lawo lomaliza. Suti ya Lamlungu inkasitidwa Lachisanu. Tinabadwa awiri, achemwali anga a Enala ndi ine. Amayi atamwalira ndi a Enala amene anandilera. Ankandisambitsa, kundiphikira kondowole, ndi kundimenyera nkhondo kusukulu. Kenako anakwatiwa ndi a Yotamu, mmisiri wokonza maboti, munthu wa chibwibwi, amene ankatsogolera kagulu kakang'ono kopemphera Loweruka m'chisakasa cha udzu paphiri la kumtunda kwa Mwaya. Anthu amenewa amavala zoyera, ndipo popemphera amavula nsapato. Bambo zinawawawa. Tsiku la maliro awo, a Enala anabwera, analira, anaphika, koma mtembo polowa m'tchalitchi iwo anakhala panja pansi pa mtengo wa mango. Anthu onse anaona. Ine manyazi amenewo ndinawasunga mumtima, ndipo ankangokula.

Ndiye taganizani, ndikuyatsa laputopu n'kuona anthu ovala zoyera, opanda nsapato, akuthamangitsidwa ndi asilikali oimba nyimbo za Mulungu. Mtsogoleri wawo atangotsegula pakamwa, ine ndinatsitsa mawu ake n'kumupatsa chibwibwi cha mlamu wanga. Sikuti chibwibwi wamba ayi. Ndinatengera ndendende mmene a Yotamu amakakamira pa “m”, mmene amapumira, mpaka kakhosomo kawo. Ndipo pamene mkulu wa asilikali ankakweza dzanja kuti aziwombera, ndinamuikira mawu amene ndinangowapeka pomwepo, botolo lili m'manja: “Dzuwa ndi limodzi, otsalawo ndi nkhuni!”

Abale anga, filimu imeneyo inayenda malonda. Vidiyo sho inkadzaza dzuwa lili pamutu. Onyamula katundu kudoko podikira sitima, asodzi opumula masana, oitanira minibasi, onse ankathithikana pamabenchi mpaka ena pansi. Obena mafilimu, aja okopera anthu mafilimu, ankaiika m'mamemori khadi a anthu tsiku lonse. Ine ndikamadutsa mumsika azimayi ankandiponyera nsomba zouma za batala zaulere. Kachasu sindinkagulanso ndekha. Ndinkadzuka naye, ndinkamasulira naye, ndipo ndikaledzera kwambiri ndi pamene anthu ankati ndamenya bwino.

Filimuyo inkandichenjeza, koma ine ndinkaitseka pakamwa. Asilikali akamalanda ana m'manja mwa amayi awo, ndinkati akuwapulumutsa kuti akaphunzire sukulu. Akamatentha mudzi, ndinkati akupha nsikidzi. Mayi wovala zoyera akamalira, ndinkamuikira mawu oti akulirira ndiwo zimene zapserera. Anthu ankagwa pamabenchi ndi kuseka.

Posakhalitsa mawu aja anatuluka mu vidiyo sho. Anyamata a kudoko ankapatsana nawo moni, wina akati “dzuwa ndi limodzi,” mnzake amalizitse. A Yotamu akapita kukagula misomali, gulu linkawatsatira likuwayeseza. Tsiku lina mayi wina anathira madzi otsukira nsomba pa diresi loyera la achemwali anga.

Madzulo ake a Enala anandipeza pakhomo pa vidiyo sho, diresilo likadali lonyowa.

“Gomezga, alamu ako anakulakwira chiyani?”

“Aaa, achemwali, ndi filimu chabe. Kodi ndatchula dzina la munthu?”

“Dzina sunatchule, koma mwana wa zaka zisanu akudziwa amene ukunena. Ine ndinakuphunzitsa kulankhula ndi pakamwa pangapa. Siya zimenezi, ndapota nawe.”

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinawayankha ndi chibwibwi cha amuna awo. Anyamata amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Achemwali anatembenuka n'kumapita.

Mwera wa chaka chimenecho unali woipa. Usipa unasowa, ndipo bwato lina linagubuduzika, anyamata awiri a kudoko osapezeka. Anthu akakhala ndi njala ndi chisoni amafuna wina womuloza chala. Sindikudziwa amene anayamba kunena kuti a zoyera aja amakwera paphiri kukapempherera nyanja kuti ikwiye. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe amene anafunika kuwafotokozera kuti mdani ndani. Ntchito imeneyo ndinali nditaigwira kale ine.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera ndithu. Ndinali ndi matsire, ndikusesa mu vidiyo sho, pamene ndinamva phokoso likukwera njira ya ku Mwaya. Ndinatseka chitseko n'kulitsatira. Ndisakunamizeni kuti ndinkapita kukaletsa. Ndinkapita kukaonera, ndipo mumtima munali kachimwemwe koti lero aone manyazi amene ndinaona ine pamaliro.

Titafika paphiri, m'chisakasa munali kumveka nyimbo. Nsapato zinali pakhomo m'mzere, za akulu ndi tating'onoting'ono ta ana. Gulu linazungulira. Patsogolo panali Jombo, mnyamata wonyamula katundu kudoko, amene sankaphonya chigawo ngakhale chimodzi. Mmodzi mwa omira aja anali mng'ono wake. M'manja anali ndi chigubu cha petulo wa injini ya boti, ndipo anayamba kuwaza pa udzu wa kumbuyo. Apo n'kuti ine ndikuganizabe kuti akungowaopseza.

Kenako wina anandiona. “Ada Mkokomo afika! Ada Mkokomo, tamasulirani!”

Gulu lonse linatembenukira kwa ine likuseka, likuomba m'manja, ngati tili pamabenchi aja. Anthu a Mulungu, ankafuna ndiwamasulire zimene zinkachitika pamaso pawo. Kwa iwo chinali chigawo chotsatira. Ndipo ine, chimene chimandidzutsa kutulo mpaka lero, ndinamwetulira. Pakamwa panga panatseguka pokha chifukwa cha chizolowezi. Sindinanene kanthu, koma sindinanenenso kuti ayi.

Jombo sanadikire. Anakweza dzanja monga mkulu wa asilikali uja, n'kufuula: “Dzuwa ndi limodzi!” Sanali mawu ake. Anali anga. Kukweza kwake, kukoka kwake, kakuseka kakumapeto, zonse zinali zanga. Ndinadzimva ndekha ndikutuluka m'kamwa mwa munthu wina amene wagwira machesi. Gulu linayankha pamodzi, “Otsalawo ndi nkhuni!”

Udzu wouma ndi petulo sizichedwa. Nyimbo m'katimo inapitirira kanthawi chifukwa moto unayambira kumbuyo kwawo. Woyamba kuuona anali a Yotamu, amene anali chakukhomo. Ndinawaona bwinobwino. Anatambasula manja, anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti moto, koma liwu linakakamira. “M-m-m-m…” Mitsempha ya m'khosi inatupa, maso anatuluka, liwu osabwera. Ndipo anthu anaseka. Denga likuyaka pamwamba pa ana, anthu akuseka, chifukwa zinali ndendende mmene ndinkachitira mu filimu.

Pamenepo ndinakhala pansi pafumbi ngati mwana.

Amene anakuwa anali achemwali anga. Anthu anatuluka akupondana, ana akuponyedwa panja ngati mitolo. Kuseka kunatha. Ena mwa omwe anabwera ndi gulu anayamba kukoka ana, ena anathawa. A Enala anatuluka, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwereranso m'kati chifukwa munatsala gogo wina wosaona. Anatuluka naye atamukumbatira, koma mtanda woyaka unali utawagwera pa dzanja lamanja. Nsalu yoyera ija inamatirira pakhungu kuyambira paphewa mpaka pachikhatho. Fungo lake sindingakufotokozereni, ndipo sindikufuna.

Palibe anamwalira. Chimenecho ndi chisomo, si nzeru za munthu.

Apolisi anatitenga ambiri. Ine ndinagona m'chitokosi masiku angapo, kenako ananditulutsa poti sindinagwire chigubu kapena machesi. Jombo anamangidwa zaka. Nditatuluka ndinapita kuchipatala. Namwino analowa kukanena kuti kwabwera mlongo wawo, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinamva ndi makutu anga mawu ofooka akuti, “Amama, mwina asochera. Ine ndilibe mlongo.”

Kuchoka apo ndinamwa ngati ndikufuna kufa, ndipo mwina n'zimene ndinkafuna. Vidiyo sho ndinatseka. Sipika ndinagulitsa, mabenchi ndinagulitsa, jenereta ndinagulitsa. Ndinkadzuka m'ngalande ya kuseri kwa msika, ntchentche zili kukamwa. Amene ankandiponyera batala anayamba kundilambalala. Koma ngakhale pamenepo ndinkadziuza kuti ine ndinangomasulira filimu, olakwa ndi amene anaipanga.

Mnzanga wa ku Mzuzu uja, posadziwa kanthu, anatumiza zigawo zomaliza ndi kondakitala wa minibasi. Laputopu yokha ndi imene ndinali ndisanagulitse. Masana ena, ndilibe ya kachasu, ndinaiyatsa. Maikolofoni ndinalibe, ndiye kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga ndinaonera filimu nditatseka pakamwa.

Ndinaona ufumu uja ukutentha dziko lathunthu, ndi mizinda yake, ndi ana ake, ndi ziweto zake, belu likulira, kwaya ikuimba. Ndinaona mkulu wa asilikali uja, ekita wanga, akuvula chophimba chagolide, akuyang'ana phulusa, n'kusanza. Ndinabwerera ku chigawo choyamba, kumene kunali mawu a eni ake. Mtsogoleri wa ovala zoyera uja analibe chibwibwi. Pamalo amene ine ndinamuchititsa kupempha ndiwo, iye ankaimbira mwana wake nyimbo yomugonetsa, asilikali ali pakhomo. Sipankafunika Chizungu kuti umve. Amene anapanga filimuyo ankanena kuyambira pachiyambi kuti onani kuipa kwa anthu amene amapha anzawo m'dzina la pemphero. Ine ndinaitembenuza, n'kuimwetsa tauni yonse. Mawu a nkhuni aja ndinawasakasaka m'zigawo zonse. Munalibe.

Ndinalira mokweza mpaka eni nyumba anabwera kudzagogoda.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo musayembekeze kuti ndikuuzani za mngelo. Ndinayamba ndi mayi amene ankandigulitsa kachasu. Ndinawauza pamaso pa makasitomala awo kuti akadzandionanso pakhomo pawo andithire madzi. Ndinabwereranso kawiri, ndipo kachiwiriko anandithiradi. Mulungu awadalitse mayi amenewo. Ndinapemphanso ganyu yonyamula matumba kudoko, pamalo pomwe ankanyamula Jombo, kuti thupi litope lisamapemphe mowa.

Kenako ndinayenda m'mashopu onse obena mafilimu, kuno mpaka ku Chintheche, kupempha kuti afufute filimu ija. Ena anafufuta ndikuona. Ena anandiseka, amvekere ndi imene ikuyenda kwambiri. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti chimene walowetsa m'memori khadi chilibe chitseko chobwerera. Ndinabwereka maikolofoni n'kuimasuliranso yonse moona, ndipo ndikuuzeni chilungamo, yoonayo siyenda malonda ngati yabodza ija.

Kundende ndimapitako kukamuona Jombo. Ulendo woyamba anandifunsa funso. Anati, “Ada, inu munatiphunzitsa, ife tinakhoza mayeso. Nanga bwanji ndili muno ndekha?” Ndinangomupatsa sopo ndi shuga zimene ndinatenga.

Ntchito ndinayambiranso, koma filimu ndimaionera kaye mpaka kumapeto, kawiri ngati n'kotheka, ndipo pamene sindikumva ndimafunsa odziwa. Mawu a munthu wamoyo sindibwereka, kaya ndi a chibwibwi, kaya ndi kalankhulidwe ka mtundu wina, kaya ndi kapempheredwe ka mpingo wina. Inu alaliki, mukamati “anthu ena ake” aliyense mumsika akudziwa amene mukunena, dziwani kuti mwatchula dzina. Ndipo m'gulu lokumverani muli wina amene m'bale wake wamira dzulo, amene akungofuna mumuuze kolowera ndi ukali wake.

Chovuta koposa chinali kukwera phiri lija. Nditamva kuti akumanganso chisakasa, ndinadula mitengo n'kuisenza. A Yotamu anali padenga. Atandiona anatsika, naima patsogolo panga, nayamba kulankhula. Liwu linakakamira. Ine amene ndinkadya chifukwa cha kukakamira kumeneko ndinaima mutu uli pansi, ndikudikira. Zinatenga nthawi, thukuta likutsika pankhope pawo. Potsiriza anati, “Mlamu, mtengowo ndi waufupi, koma tiupezera malo.” Ndinagwira nawo ntchito mpaka denga linatha. Ine ndikadali wa mpingo wa bambo anga, ndipo a Yotamu sanandipemphepo kuti ndivule nsapato.

Koma achemwali anga ayi. Dzanja linapola mokwinyika, silitambasuka bwino, ndipo amaliphimba ndi chitenje ngakhale kutenthe bwanji. Ndikawapatsa moni ankayankha m'Chitonga kuti “Yewu, ada,” monga mmene umayankhira munthu wofunsa njira. Ndikawatumizira ufa, ankapatsa oyandikana nawo. Sindinawakakamize. Ndinalibe pakamwa pokakamizira.

Mwezi wathawu a Yotamu anadwala malungo, pamene achemwali anali ndi tsiku lokaonetsa dzanja kuchipatala ku Mzuzu. Mlamu anandituma kuti ndiwaperekeze. Achemwali sanavomere, sanakanenso. Tinakwera minibasi, tinakhala mpando umodzi, aliyense akuyang'ana kwake. Tikukwera mapiri aja, bambo wina wovala bwino amene anakhala kutsogolo kwathu, mlendo wochokera kumwera, anatulutsa foni n'kuyatsa filimu mokweza.

Ndinamva belu. Kenako ndinamva mawu anga akuchita chibwibwi.

Bamboyo ankaseka mpaka mapewa kugwedezeka. Kondakitala anasuzumira naye n'kuyamba kuseka. Ndinafuna kulankhula, koma ndinadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa azindikira mawuwo, ndipo minibasi yonse iyamba kuomba m'manja. Ndinayang'ana pawindo ndikulakalaka nditadumpha. Mufonimo mkulu wa asilikali anali atakweza dzanja.

Achemwali anamugwira bamboyo paphewa. Anachotsa chitenje pa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kuliika pamwamba pa mpando, pafupi ndi nkhope yake.

“Pepani bambo,” anatero m'Chichewa, mawu ali pansipansi. “Filimu imeneyo mathero ake ndi awa. Amene akulankhulayo ndi mlongo wanga, ali pano, ndipo anasiya. Zimitsani.”

Bamboyo anazimitsa. Achemwali sanaphimbenso dzanjalo. Analitsitsa n'kuliika pa bondo langa, ndipo linakhala pomwepo mpaka tinafika ku Mzuzu.